Kodi chronic active colitis ndi khansa ya m'matumbo?

Mayi wina wanditumizira imelo kuti mwana wawo wamkazi wakhala akutsegula m'mimba mwa magazi kwa miyezi yambiri. Adokotala anamuunika m'matumbo ndi kamera n'kutapa tinyama tokapima, ndipo pepala la ku labu labwera ndi mawu oti chronic active colitis, crypt distortion, no granulomas. Akufunsa ngati ndi khansa.

Amayi, mtima m'malo. Pakanakhala khansa kapena chiyambi chake, opima akanalemba carcinoma kapena dysplasia. Zomwe aona ndi kutupa kwa thumbo lalikulu (colitis) kwa nthawi yaitali.

Khungu la m'kati mwa thumbo lalikulu lili ndi timachubu tambirimbiri totulutsa zoterera, totchedwa crypt. M'thumbo labwino timaima mofanana ngati mizere ya chimanga chodzalira chingwe. Kutupa kukakhalitsa timawonongeka n'kumeranso mokhota (ndiyo crypt distortion ija), tina n'kuchita nthambi, tina kufupika osafika pansi, ndipo kunsi kwake kumadzaza maselo a chitetezo otchedwa plasma. Kamwazi wa masiku ochepa, monga wa Shigella, nthawi zambiri sasiya zipsera zotere. Mawu oti chronic, kutanthauza kukhalitsa, achokera pamenepo. Active ndiye kuti panopa maselo ena a chitetezo otchedwa neutrophil alowa m'timachubumo, mwina mpaka kuunjikana ngati mafinya.

Matenda akuluakulu ochita zimenezi ndi awiri. Ulcerative colitis imayambira kumapeto kwa thumbo, pafupi ndi kotulukira chimbudzi, n'kumakwera mosadukiza, ndipo imangodya khungu la m'kati mwa thumbo. Winayo ndi Crohn, amene Burrill Crohn ndi anzake awiri anawafotokoza ku New York mu 1932. Matenda amenewa amadumphadumpha, apa podwala apo pabwino, amagwira paliponse kuyambira m'kamwa, ndipo amaboola khoma lonse la thumbo. Granuloma, kagulu ka maselo ounjikana pamodzi, amaloza ku Crohn. Koma kusapezeka kwake sikuchotsa Crohn ayi. Odwala ambiri a Crohn sapezeka naye, komanso kanyama kotapidwa ndi kakang'ono zedi, sikafika mkati mwa khoma.

Chomwe ine chimandidetsa nkhawa n'china. Kwathu kuno TB ya m'matumbo imakonda malo omwewo a Crohn, polumikizana thumbo laling'ono ndi lalikulu, ndipo pa maikulosikopu awiriwa amafanana moti ngakhale akatswiri amakanda mutu. Granuloma wa TB amakhala wamkulu, wophatikizana ndi anzake, pakati pake powola. Mazira a likodzo nawo amabweretsa granuloma, ndipo tizilombo ta amoeba timakumba zilonda zosokoneza. Wodwala TB kapena amoeba akapatsidwa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, poganizira Crohn, chitetezo chimatsika, matenda n'kukolera.

Choncho mukapitanso, funsani adokotala kuti tinyamato anatapa m'malo angati a thumbo, ngati anatipima TB ndi utoto wa Ziehl-Neelsen, komanso ngati chimbudzi chinapimidwa. Mayankho amenewa akhalepo mwanayo asanayambe mankhwala ofooketsa chitetezo.