Dikoda ikulankhula Chipwitikizi, nanga Chichewa ndichipeza pati?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Area 36, kwa bambo a Chisomo. Ndaifupikitsa pang'ono.

"Achimwene, mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Tete anatibweretsera dikoda yosalipira pamwezi ija. Dishi anatiikira, zithunzi zikuoneka bwinobwino, ndipo mayi anga amakonda kumvera wailesi pa dikoda yomweyo. Vuto ndi chilankhulo. Menyu ndinaisintha kukhala ya Chingerezi koma makatuni a ana akulankhulabe Chipwitikizi, ndipo pa tchanelo china pamamveka anthu awiri akulankhula nthawi imodzi. Kodi ndidine pati kuti zonse, makamaka wailesi, zizimveka m'Chichewa? Mayi Chingerezi samva."

Bambo a Chisomo, zikomo polemba. Ndiyambe ndi nkhani yowawayo kuti musathe Loweruka lonse mukulimbana ndi rimoti. Batani losandutsa zonse kukhala Chichewa palibe, kaya pa dikoda yanuyo, kaya pa zimene zadzaza m'mashopu a ku Malangalanga. Dikoda simasulira. Ntchito yake ndi kusankha pakati pa mawu amene eni tchanelo atumiza kale. Ili ngati mtsikana woperekera chakudya mu lesitilanti ya mumsika: mungaitanitse chambo mokweza chotani, ngati kukhitchini aphika nyemba ndi usipa, mbale ibwera ya nyemba kapena usipa basi.

Koma zambiri zimene mwadandaulazo zimakonzeka, ndipo simufunika kuitana mmisiri.

Tchanelo chikamatsika kuchokera ku setilaiti, yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, sichibwera ngati chinthu chimodzi. Chithunzi chimayenda pachokha, mawu pawokha, ndipo mawuwo akhoza kukhala mizere iwiri, itatu kapena kuposa. Mzere uliwonse eni ake amaumata kachizindikiro ka zilembo zitatu: eng ndi Chingerezi, por ndi Chipwitikizi, fra kapena fre ndi Chifalansa, swa ndi Chiswahili. Chathu chilinso nacho chake, nya. Mukafika pa tchanelo, dikoda imayang'ana zizindikirozi n'kufunafuna chimene munaiuza kuti mumakonda. Ikachipeza imatsegula mzere umenewo. Ikachisowa imayesa chachiwiri chimene munasankha, ndipo nachonso chikasowa imangotola mzere umene uli pamwamba.

Apa ndi pamene pagona vuto la makatuni. Mu menyu muli malo atatu osankhira chilankhulo, ndipo inu mwasintha amodzi okha. Amene mwasinthawo, olembedwa Menu Language kapena OSD Language, ndi a zolemba za dikoda yeniyeniyo, sakhudza mawu otuluka mu sipika ngakhale pang'ono. Bwererani pomwepo, dinani MENU, lowani mu System kapena Settings, kenako Language. Pansi pa mzere umene munasintha uja muona First Audio ndi Second Audio, madikoda ena amalemba Audio Language 1 ndi 2. Ndikukhulupirira mupeza pa First Audio pali Portuguese, chifukwa dikoda yogulidwa ku Mozambique ogulitsa amaikonzera makasitomala akumeneko. Ikanipo English. Pa Second Audio ikani chimene banja lingachimveko Chingerezi chikasowa. Malo achitatu, Subtitle Language, ndi a mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi aja, ndipo ngati akukusokonezani ingowazimitsani.

Potuluka musathamange. Madikoda ambiri otchipa amafunsa kaye ngati mukufuna kusunga zimene mwasintha, ndipo munthu akangodina EXIT kawiri mofulumira, kafunsoko kamadutsa osakaona. Dinani OK pa Yes. Anthu ambiri amene amati "dikoda yanga imaiwala magetsi akathima" vuto limakhala lomweli, sinasunge n'komwe.

Kwa ena amene menyu ikadali m'Chipwitikizi, poti madikoda olowera ku Dedza ndi ku Mwanza ndi ambiri mu Lilongwe muno: funani mawu oti Idioma, nthawi zambiri amakhala mkati mwa Sistema, Configurações kapena Definições. Chingerezi ndi Inglês, mawu ndi Áudio, zolemba zam'munsi ndi Legendas, kusunga ndi Guardar kapena Salvar. Ikakhala m'Chiarabu kapena m'Chitchaina, lozetsani kamera ya foni pa TV mutatsegula Google Translate, ikuwerengerani.

Mwina mudikira kuti mu First Audio muone Chichewa. Opanga madikodawa kawirikawiri sachiikamo, mndandanda wawo umakhala wa English, French, Portuguese, Arabic ndi zina zakutali. Zisakudetseni nkhawa, ndipo musaope kuti mukasankha English ndiye kuti mwathamangitsa Chichewa m'nyumba. Tchanelo cha kuno kwathu chimatumiza mzere umodzi wa mawu, ndipo mumzere womwewo mumadutsa nkhani za Chichewa, za Chingerezi, ulaliki, nyimbo, zonse. Popeza palibe wina woti isankhe, dikoda imatsegula womwewo, kaya munaiuza English kaya Arabic.

Tsopano za anthu awiri olankhula pamodzi. Pitani pa tchanelocho n'kudina batani la AUDIO. Pa marimoti ena lalembedwa LANG kapena Language, pa ena mumalipeza mkati mwa Options. Patuluka kabokosi kosonyeza mizere ya mawu imene tchanelocho chili nayo, ndipo pambali pake pamakhala Stereo, Left, Right ndi Mono. Ofalitsa ena, pofuna kusunga malo pa setilaiti, amalowetsa zilankhulo ziwiri mumzere umodzi, china kumanzere china kumanja. Dikoda ikakhala pa Stereo kapena Mono mumamva zonse ziwiri, phokoso lokhalokha. Sankhani Left mumvetsere, kenako Right, n'kukhala pa mbali imene ili ndi chilankhulo chanu. Mukatero suzumiraninso kuseri kwa TV. Ngati mukugwiritsa ntchito chingwe cha mitu itatu chija, wachikasu ndi wa chithunzi, woyera ndi wa mawu akumanzere, wofiira ndi wa mawu akumanja. Ndinaonapo m'nyumba ina ku Kawale mutu woyera utathothoka n'kumangolendewera kuseri kwa kabati, banja lonse n'kumaonera tchanelo m'chilankhulo chimene palibe amachimva, akumati dikoda ndi yakufa.

Pali mtundu winanso wa liwu lachiwiri. Filimu ikuyenda bwinobwino, koma wina akumalowerera n'kumafotokoza kuti mayiyo watsegula chitseko, bamboyo wakhala pansi. Umenewo ndi mzere wothandiza anthu osaona, umalembedwa AD kapena Audio Description. Sinthani mzere kapena uzimitseni mu menyu. Ndipo mukasankha mzere wina n'kupeza kuti TV yangoti zii, onani ngati pambali pake palembedwa AC3 kapena Dolby. Ma TV ena akale sautha mtundu umenewu. Bwererani pa mzere wa MPEG, kapena mu menyu ya mawu musankhe PCM.

Chimodzi chokha ndikuletseni. Mukaona Factory Default kapena Factory Reset musayese kudina "kuti muone". Imafufuta matchanelo onse pamodzi ndi manambala amene mmisiri analowetsa potchera dishi, ndipo mwina ibwereranso ku Chipwitikizi komwe mukuthawako. Dikoda ikakufunsani nambala yachinsinsi, zambiri zosalipira zimabwera ndi 0000, za DStv ndi 1234, ndipo kuphweka kwa manambala amenewa n'kumene kumachititsa kuti ana azifufuta zinthu makolo ali ku ntchito. Isintheni, muilembe penapake.

Tifike pa nkhani ya mayi, yomwe kwa ine ndiyo yaikulu m'kalata yanu.

Wailesi za pa setilaiti mumazipeza podina TV/RADIO, zimenezo mukuzidziwa kale. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti kumeneko First Audio sithandiza kwenikweni. Wailesi zambiri zili ndi mzere umodzi wokha. Nyumba zoulutsira mawu zimene zimagwiritsa ntchito zilankhulo zingapo zimachita chimodzi mwa ziwiri: chilankhulo chilichonse amachipatsa tchanelo chakechake, kapena amagawa maola pa tchanelo chimodzi. Njira yachiwiriyi si yachilendo kwa ife. MBC Radio 1 imawerenga nkhani m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilhomwe, m'Chisena ndi m'Chitonga pa wailesi imodzi yomweyo, aliyense amangodziwa nthawi yake. Channel Africa ya ku Johannesburg, yomwe inayamba mu 1966 ngati Radio RSA n'kusintha dzina mu 1992, yakhala ikuchita chimodzimodzi kwa zaka zambiri ndi Chingerezi, Chifalansa, Chipwitikizi, Chiswahili, Chilozi ndi Chinyanja. Ola la Chinyanja likakwana, Chinyanja chimamveka. Likatha, rimoti muifinye bwanji sichibwerera.

Ngakhale wailesi zenizeni za setilaiti zija zinkayenda chonchi. Achikulire ena akukumbukira WorldSpace, kampani ya Noah Samara wochokera ku Ethiopia, yomwe inaponya setilaiti ya AfriStar mumlengalenga mu 1998. Wailesi zake zinkapangidwa ndi Hitachi, JVC, Panasonic ndi Sanyo, zili ndi kamlongoti kafulati koika pawindo. Nazonso munthu ankasankha siteshoni yolankhula chilankhulo chake, osati kusintha chilankhulo cha siteshoni. Kampaniyo inagwa mu 2008, choncho wina akakutsatsani wailesi yotero ku Tsoka, musaponye ndalama poyembekezera setilaiti.

Ndiye kwa mayi, "kusankha chilankhulo" kukhale kuwakonzera mndandanda wawo. Khalani pansi madzulo ena, dutsani wailesi zonse zimene dikoda yagwira, iliyonse muimvetsere pang'ono. Imene ili ndi Chichewa kapena Chinyanja, ngakhale cha ku Zambia chomwe mayi achimva bwinobwino, ilowetseni mu Favourite. Pa madikoda ambiri zimenezi zili mu Edit Channel kapena Radio Channel List, mumaika kachizindikiro ka mtima kapena nyenyezi. Kenako isunthireni pamwamba kuti ikhale nambala 1, 2, 3. Mayi asamavutike ndi menyu, azingodziwa mabatani awiri, TV/RADIO ndi FAV. M'nyumba zina amamata kaselotepi koyera pa mabatani awiriwo kuti agogo aziwaona msanga, ndipo ine ndimaona kuti ndi nzeru kuposa kuwaphunzitsa rimoti yonse ya mabatani makumi anayi.

Zimene mupeze zidalira kumene dishi yanu yaloza. Madishi ambiri m'chigawo chino cha Africa amayang'ana setilaiti ya Intelsat 20 pa 68.5° East kapena ya Eutelsat pa 36° East, ndipo chimene chili pa setilaiti imodzi sichipezeka pa inzake. Komanso za ulere sizikhala ndi lonjezo. Amene anali ndi madikoda a Wiztech ndi Philibao sanaiwale 2013, pamene Sentech, kampani yofalitsa mafunde ya ku South Africa, inatseka matchanelo a SABC, mabanja ambiri kuno n'kudzuka m'mawa sikirini ili bii. Momwemonso wailesi kapena mzere wa chilankhulo ukhoza kusowa lero chifukwa eni ake ausuntha, dikoda yanu ilibe mlandu. Zikatero pangani Blind Scan kapena Auto Search, musankhe TV ndi Radio zonse, ndipo ikani FTA Only pa Yes kuti mndandanda usadzaze ndi matchanelo okhomedwa amene simungawatsegule.

Koma ndikuuzeni maganizo anga, bambo a Chisomo, poti mwandifunsa ine. Mukanakhala kuti mwalemba muli kumudzi kuseri kwa phiri kumene FM imangochita phokoso, ndikanati limbikirani ndi dishi. Inu muli ku Area 36. Mu Lilongwe muno MBC, Zodiak, Times, Radio Maria, Trans World Radio, Radio Alinafe ya ku Maula, Radio Islam, zonsezi zimagwira pa kawailesi ka mabatire kapena ka sola, ndipo Chichewa chake ndi cha maola ambiri pa tsiku, osati cha ola limodzi. Kawailesi kotero mayi akhoza kutuluka nako pakhonde akusankha nyemba, sikadikira magetsi, ndipo sikadula mvula ikamagwa. Dishi ija, mvula yamphamvu ya Januwale ikangoyamba, mawu amayamba kudukaduka mpaka kutheratu, chifukwa madzi a m'mitambo amafooketsa mafunde amene madishi ang'onoang'onowa amalandira. Ndiponso mawu odzera kumwamba amachedwerako, n'chifukwa chake aneba a FM amayamba kukuwa chigoli inu mpira ukadali pakona. Setilaiti ikhale yowonjezera, ya maulaliki ndi nyimbo zakunja zimene FM ilibe.

Ngati mayi azoloweradi ya pa dikoda, chitani ziwiri izi. Tengani mitu iwiri ija, woyera ndi wofiira, muilumikize ku sabuufa kapena ku wailesi yaikulu ya m'nyumba pa malo olembedwa AUX. Mukatero TV ikhoza kukhala yozima tsiku lonse wailesi ikulira, mayunitsi osapita pachabe ndi sikirini yongoonetsa dzina la siteshoni. Kenako funani Timer mu menyu. Madikoda ambiri amalola kuwauza kuti nthawi yakuti ayake okha pa tchanelo chakuti, tsiku lililonse, ndiye mukadziwa ola la Chinyanja kapena la pulogalamu imene mayi amaikonda, ikani pomwepo n'kusankha Daily. Onetsetsani kaye kuti wotchi ya dikoda ili pa GMT+2. Dikoda ya ku Tete iyenera kukhala ili pomwepo kale chifukwa nthawi ya Mozambique ndi yathu n'chimodzimodzi, koma yochokera ku Dar es Salaam kapena ku Dubai imakhala patsogolo ndi ola limodzi kapena awiri, ndipo ingayake pulogalamu isanayambe n'kuzima isanafike pakati.