Mlamu akugulitsa mapateni anu: sungani umboni musanapite kwa ankhoswe

Mayi, mwalemba kuti mumajambula nokha mapateni opetera nsalu za patebulo ndi mapilo n'kumagulitsa pa WhatsApp. Mlamu wanu anagula kope limodzi, ndipo tsopano akuchita fotokope n'kumagulitsa motchipa atafufuta dzina lanu. Kupolisi anakubwezani kuti ndi za m'banja, achibale akuti mudikire adzakhale pansi. Mukufunsa ngati pali mlandu popeza simunalembetse mapateniwo kulikonse.

Kusalembetsa si vuto lanu lalikulu. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza ntchito yaluso kuyambira pomwe mwaijambula kapena kuilemba, ndipo Malawi ali m'pangano la Berne, la mayiko osiyanasiyana loteteza ntchito zaluso, lomwe silikakamiza kulembetsa. Chotetezedwa ndi chojambula chanucho pamodzi ndi malangizo amene munalemba. Kasokedwe komwe tonse tinaphunzira kwa agogo kalibe mwini, ndipo aliyense akhoza kupeta duwa la mpendadzuwa. Koma duwa lanu, momwe munaliyalira ndi kusanja mitundu ya ulusi, ndi lanu. Wogula kope wagula pepala lokha, ufulu wochulukitsa ndi kugulitsa watsala ndi inu.

Pomwe milandu yotere imagwera ndi apa. Kukhoti, wodandaula ndiye amaonetsa kuti anayamba ndi iye, komanso kuti winayo anakopera. Ndaona anthu oti choonadi chili mbali yawo akutuluka chimanjamanja chifukwa anathamangira kukalipa asanasunge kalikonse. Mukangomuimbira mlamuyo, usiku womwewo zithunzi zichoka pa Facebook, mafotokope abisidwa, ndipo ogula, omwe ambiri ndi anzake a kumpingo, ayamba kuiwala. Kenako adzanena kuti pateniyo anaiona kale pa intaneti, kapena kuti munajambulira limodzi. Mudzamutsutsa ndi chiyani ngati mapepala oyeserera munasonkhezera moto ndipo foni yakale munagulitsa?

Kudikira komwe achibale akufunako nakonso kuli ndi mtengo wake, ndipo zimanditopetsa kuti olangiza kudekha si iwo amene akuluza ndalama. Chiletso cha khoti choimitsa malonda mlandu usanathe chimaperekedwa woweruza akaona kuti nkhani ndi yachangu. Mukakhala miyezi mukudziwa koma muli chete, loya wa mbali inayo adzafunsa kuti changucho chachokera kuti lero. Dziwaninso kuti wopempha chiletso amalonjeza kulipira zomwe winayo wataya ngati mlandu utadzamukomera winayo. Musalowemo ndi umboni wopepuka.

Choncho musanalankhule ndi aliyense, sonkhanitsani zojambula zoyamba, ngakhale zofufutafufuta, chifukwa ndizo zimaonetsa kuti ntchito inabadwira m'manja mwanu. Sungani uthenga womwe munamutumizira pateniyo ndi wa Airtel Money kapena Mpamba woonetsa tsiku lomwe analipira. Jambulani zotsatsa zake dzina ndi tsiku zikuoneka, ndipo foniyo musaigulitse. Tumani munthu wosakhala wachibale akagule kope limodzi, amene angavomere kudzaima m'khoti.

Zikakwana, loya alembe kalata yomuuza mlamuyo asiye, abweze makope otsala ndi kufotokoza ndalama zomwe wapeza. Kaoneni a COSOMA, bungwe loyang'anira za ufulu wa eni luso lomwe lakhalapo kuyambira 1992. Apolisi aja analakwitsa, popeza kugulitsa makope obera kukhoza kukhalanso mlandu waupandu ngakhale wochitayo ndi mlamu, koma kumumangitsa sikubweza ndalama zanu mwachangu. Ngati loya simungamukwanitse, yesani ku Legal Aid Bureau. Mlamuyo musamulembe kuti wakuba pa Facebook, mungadzipezere mlandu woipitsa mbiri.

Sindikulonjezani kupambana. Ngati pateni zina munatengera m'mabuku akunja kapena pa zitenje n'kungosintha pang'ono, muuzeni loya wanu poyamba pomwe, chifukwa mbali inayo idzazifukula. Nkhani ya amayi amene amapeta nsalu ndi pateni yanu n'kumagulitsa nsaluzo ndi yovutirapo kuposa ya fotokope, ndipo kawirikawiri imatsamira pa zomwe munagwirizana pogulitsa. Kuyambira pano, pa tsamba lililonse lembani dzina lanu, chaka, ndi mawu onena ngati wogula akuloledwa kugulitsa zopetazo, komanso kuti kuchulukitsa pateniyo n'koletsedwa.