Ku Limbe kuli zoti nkuona, bola kudziwa tsiku ndi nthawi yake

Achemwali, mwati alendo anu ochokera ku Lilongwe adzakhala ku Kanjedza masiku awiri, ndiye mukufunsa ngati ku Limbe kuli choti nkuwaonetsa kapena mungopita nawo ku Blantyre. Ena ayankha kale kuti kuno kuli phokoso la oitanira basi. Phokoso liliko ndithu, koma Limbe ali ndi mbiri yakeyake yosiyana ndi ya Blantyre, ndipo alendo akaimva kaye, zomwe akuona zimamveka mutu wake.

Blantyre anayamba ndi mishoni ya Asikochi mu 1876 ndi sitolo za Mandala. Limbe anabadwa ndi njanji ndi fodya. Njanji ya Shire Highlands Railway yochokera ku Port Herald, komwe lero timati ku Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, koma likulu la kampaniyo ndi malo okonzerako sitima anaziika ku Limbe. Chaka chomwecho Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake kuno, ndipo mu 1909 Limbe anakhala tauni payekha. Anadzaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956, kenaka mu 1966 onse pamodzi anakhala mzinda. Maina a malo akusungabe mbiriyi. Mukamva kondakitala akuti "ITG otsika", akutchula kampani ya fodya ija. BCA Hill ndi dzina la British Central Africa Company, yomwe inali ndi malo aakulu kuderali.

Ndiye yambani ndi siteshoni ya sitima, m'mawa dzuwa lisanakwere. Pafupi pomwepo pali Shire Highlands Hotel, nyumba yakale ya nthawi ya atsamunda yomwe inkalandira apaulendo otsika sitima. Mutha kumwerapo tiyi nkuona kamangidwe kake. Kuchokera pa siteshoni iyi katundu ankatsika mpaka ku Beira, makamaka mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935. Njira ya ku Nacala yodzera ku Nkaya ndi ku Nayuchi inabwera mu 1970. Njanji yakummwera inaduka madzi atakokolola ku Chiromo mu 1997, nchifukwa chake katundu wambiri lero amalowera ku Nacala. Ngati alendo akufuna kukwera sitima ya anthu yopita chaku Balaka, kafunseni tsiku ndi ola pa siteshoni penipenipo, musadalire zomwe munthu analemba pa Facebook chaka chatha, chifukwa siyenda tsiku lililonse ndipo ndondomeko imasinthasintha. Musatulutse foni nkuyamba kujambula m'kati mwa mpanda musanapemphe alonda. Ambiri amakangana nawo pa chifukwa chomwechi.

Malo amene ine ndingati asawaphonye ndi okushoni ya fodya, koma zimatengera mwezi. Msika umatsegulidwa cha mu April nkumatha cha mu August kapena September. Kunja kwa miyezi imeneyi mukapeza shedi yopanda kanthu. Malonda a fodya pa okushoni m'dziko muno anayambira ku Limbe konkuno mu 1938, Kanengo, Chinkhoma ndi Mzuzu kusanaganiziridwe. M'katimo mabelo a makilogalamu pafupifupi 100 amandandalikidwa m'mizere italiitali, aliyense ndi tikiti yake yolembedwa nambala ya mlimi ndi kulemera kwake. Ogula amayenda mumzere, kusolola masamba pakati pa belo, kuwatambasula, kuona mtundu ndi chinyezi, mtengo nkulembedwa pomwepo. Belo akapezekamo pulasitiki, fodya wosakaniza magiredi kapena wankhungu, amabwezedwa, ndipo mlimi amaluza ndalama yokonzetsanso ndi yosungitsa. Dziwani kuti masiku ano fodya wambiri amagulidwa pa kontirakiti, kotero mfuu ya wogulitsa yomwe akuluakulu amaikamba simudzaimva tsiku lililonse. Pitani pakati pa sabata, m'mawa, mutapempha chilolezo ku ofesi ya AHL, kampani yoyendetsa okushoniyo, tsiku lisanafike. Fumbi la fodya limatsamwitsa. Wa mphumu ndi ana aang'ono asalowe.

Mukatuluka kumeneko kwerani ku Limbe Cathedral, tchalitchi cha Our Lady of Wisdom, likulu la arkidayosizi ya Blantyre. Papa John Paul II anafikapo mu May 1989. Kulowa nkosavuta bola musavale zothina kapena zazifupi, ndipo ngati muli Misa dikirani ithe musanayambe kuzungulirazungulira.

M'tauni mwenimwenimo, choona ndi misewu ya sitolo za amwenye, yokhala ndi makonde otchinga mvula ndi nyumba zogona pamwamba. Amalondawa anabwera motsata njanji, ndipo anachuluka kwambiri m'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu litawaletsa kuchita malonda kumidzi. Nchifukwa chake pamalo ochepa chonchi mupeza mizikiti, kachisi wa Asikh, ndi sitolo za pikulitsa zomwe ogeni a ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Zomba amadzaodako katundu. Zitenje zimatsika mtengo mukagula zingapo pamodzi, ndiye alendo asonkhe ndalama agulire kumodzi. Lachisanu masana sitolo zambiri zimatseka kaye anthu akapita kokaswali, Loweruka zambiri zimatseka masana, Lamulungu mupeza zitseko zokhazokha. Ku msika wa Limbe pitani opanda chikwama chakumbuyo, foni m'thumba lakutsogolo, ndalama zogawa pawiri. Akuba amakonda pamene anthu apanikizana pokwera minibasi, makamaka kumadzulo anthu akaweruka. Galimoto isiyeni ku Kanjedza. Kupeza poimika pakati pa Limbe masana kumadya nthawi kuposa kuyenda wapansi.

Tsiku lachiwiri muli ndi njira ziwiri. Yapafupi ndi ya Masauko Chipembere Highway kulowera ku Chichiri, komwe kuli Museum of Malawi yomwe inatsegulidwa mu 1966. Panja pake pali injini zakale za sitima zoyendera nthunzi, ndiye ana amene anaona siteshoni dzulo lake amalumikiza nkhani mosavuta. Chipilala cha ufulu ndi Kamuzu Stadium zili chapomwepo. Pokwera minibasi funsani ngati ikudzera "Highway", chifukwa zina zimazungulira ku Ndirande kapena ku Soche ndipo mukatsika kutali.

Yakutaliko, yomwe ndi yabwino kwa akuluakulu okonda mbiri, ndi ya ku mishoni ya PIM (Providence Industrial Mission) ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Mumatenga msewu wa Midima, womwe pano umatchedwa Robert Mugabe Highway, nkukhotera pa Nguludi Turn-off. John Chilembwe anakhazikitsa mishoniyi mu 1900. Ataukira atsamunda mu January 1915, boma linaphulitsa tchalitchi chake, ndipo mishoni inadzatsegulidwanso ndi Dr Daniel Malekebu mu 1926. Pa 15 January kumakhala khamu la anthu. Wofuna kufotokozeredwa modekha asankhe tsiku lina. Ngati alendo amakonda malo obiriwira, minda ya tiyi ya ku Thyolo ili pa msewu wodzera ku Chigumula ndi ku Bvumbwe, ndipo pa Bvumbwe mugula masamba ndi zipatso motchipa kuposa m'tauni.

Za kukwera mapiri a Mpingwe, Bangwe kapena Soche, musapite nokha. Pezani munthu wa m'deralo wodziwa njira, muyambe m'mawa. Nthawi ya dzinja phiri la Soche lisiyeni, nthaka yake inagumuka koopsa ndi namondwe wa Freddy mu March 2023.

China, alendo a ku Lilongwe amanyozera kuzizira kwa kuno. Limbe ali pamtunda kuposa Blantyre, ndipo mu June ndi July chiperoni chimatha kugwa masiku angapo osalekeza, chifunga ndi mvula yowaza. Auzeni atenge majuzi ndi nsapato zotseka, apo ayi tsiku loyamba lithera pa kaunjika kusaka majekete.