Anali nambala 4, pano ali kumchira: ku Sitandade 5 kuli chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Mwana wawo wamkazi anamusiya ndi achemwali awo kumudzi, ndipo chaka chino walowa Sitandade 5. Ku Sitandade 4 ankakhala nambala 4 kapena 5, koma teremu yoyamba wabwera ndi lipoti lomvetsa chisoni. Mayiwo akufunsa kuti ana a makalasi akuluakuluwa akuphunzira chiyani kwenikweni, komanso ngati atumize ndalama ya patitaimu.

Mayi, mwana wanu sanapuse ayi. Mutu umene unkagwira nambala 4 miyezi ingapo yapitayo ndi womwewo. Chasintha ndi sukulu, ndipo imelo yanu yandikhudza chifukwa zimene zikumuchitikirazo zinandichitikiranso ine.

Ndinalowa Sitandade 5 mu 1994, chaka chimene boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale. Amene munalipo mukukumbukira. M'dziko lonse chiwerengero cha ana a sukulu chinachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa, ndipo kwathu tinazionera pamaso. Anyamata a ndevu amene anasiya sukulu kalekale anabwerera, makalasi a ana aang'ono anasamukira pansi pa mitengo ya mango, ndipo boma linalemba aphunzitsi ambirimbiri amene ku koleji anali asanapondeko. Ife pokhala akuluakulu tinapatsidwa chipinda, koma tinkakhala pansi mothithikana, kope pa bondo. Tsiku loyamba aphunzitsi anatiuza kuti Chichewa tachisiya ku Sitandade 4, kuyambira lero chizimveka pa nthawi ya phunziro la Chichewa basi. Atatero anatembenukira ku bolodi. Analemba kuyambira pamwamba kumanzere mpaka pansi kumanja, n'kufunsa ngati tamaliza, ife n'kuvomera mokuwa ngakhale ambiri tinali tikadali pakati, iwo n'kufufuta, n'kuyambanso pamwamba. Chaka chonse chinayenda choncho, ndi zaka zotsatira zomwe.

Ine ndinali mwana woweta mbuzi. Pa Khirisimasi amalume akamapha mbuzi wogwira miyendo ndinali ine, ndipo akatumbula ankatipatsa kaye mapapo tiseweretse asanapite mu mphika. Tinkalowetsa bango pa kholingo n'kuuzira mwamphamvu, mapapo aja n'kufufuma, kufiira kuja n'kuyererako, tikasiya n'kuphwa. Ndinkadziwa kufewa kwake, ndinkadziwa kuti ali mbali ziwiri, ndinkadziwa pamene njira ya mpweya imagawikana. Koma titafika pa mutu wa kapumidwe ka munthu, ndinajambula chithunzi cha pa bolodi mwaukhondo, mivi yonse ndi mayina ake a Chingerezi, ndinaloweza, pa mayeso n'kukhoza ndithu, osadziwa kuti ndajambula chinthu chomwe chija ndinkauzira kuseri kwa khola. Ndinadzazindikira ndili ku sekondale. Zaka zonsezo panalibe anandifunsapo kuti, iwe, unaonapo mbuzi itatumbulidwa?

Panalinso kathabwa. Ukagwidwa ukuyankhula Chichewa ankakuveka kathabwa ka chingwe m'khosi, ndipo ntchito yako inali kusaka mnzako woti umupatsire. Amene ankaweruka ali nako ankatchetcha udzu pa bwalo la mpira. Akuti cholinga chinali choti tiphunzire Chingerezi. Chimene tinaphunzira ndi kukhala chete. Mtsikana wina amene ankatiposa tonse masamu ku Sitandade 4 anatha teremu yathunthu osakweza mkono, chaka chotsatira sitinamuonenso.

Musandimve molakwa, Chingerezi ndimachifuna, ndipo mwana wanu achidziwe bwino chifukwa mayeso ake onse kupatula a Chichewa adzalemba m'Chingerezi. Lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti chiyankhulo chophunzitsira chikhale Chingerezi, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti ziyambire ku Sitandade 1. Koma pitani pa sukulu ya boma ya kumudzi mukamve nokha. Ana a makalasi aang'ono akuphunzirabe m'Chichewa, Chingerezi chili phunziro limodzi chabe pa tsiku. Ndiye mwana amene dzulo ankawerenga timaziganizo ta mphaka ndi galu, lero mwamupatsa ndime yonse yofotokoza za kukokoloka kwa nthaka. Mwana wa ku Mangochi amene kunyumba amayankhula Chiyao, kapena wa ku Rumphi wa Chitumbuka, walumpha kawiri.

Nditakula ndinaphunzitsako makalasi omwewa kwa zaka zingapo, choncho aphunzitsi sindingawanyoze. Mabuku amalembedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo ambiri ndi abwino, ali ndi zithunzi ndi ntchito zoti ana achite m'magulu. Koma bukulo likakhala limodzi pa ana asanu ndi mmodzi, ena akuliwerenga chadodolido, ndipo silipita kunyumba chifukwa ahedi amalitsekera mu ofesi kuopa kuti lisowa, mphunzitsi atani? Amalemba manotsi. Mwana atenge kanthu kopita nako kwawo. Zimenezo ndimazimvetsa. Chimene ndakana ndipo ndidzakanabe ndi chikhulupiriro chimene chalowa mwa makolo ndi aphunzitsi omwe, choti kope lodzaza ndiye maphunziro. Kholo limatsegula kope, kuona masamba akuda bii ndi inki, n'kunena kuti mphunzitsi uyu ndi wolimbikira. Mwanayo mufunseni chimene walembacho chikutanthauza chiyani, angoyang'ana pansi n'kumakanda dothi ndi chala chakuphazi. Kumeneko si kuphunzira. Ndi kukopera, ndipo tikuwononga nako ana anzeru.

Ndipo poti ndayamba, ndinene za Ulimi. Palibe phunziro limene talilakwira ngati limeneli. Dziko la alimi, mwana aliyense wa kumudzi amadziwa kugwira khasu asanadziwe kugwira pensulo, koma pa sukulu munda timautenga ngati malo a chibalo. Wachedwa, kalime. Walongolola, katunge madzi othirira dimba la aphunzitsi. Kenaka m'kalasi tikumulembetsa manotsi a kutalikirana kwa mizere. Agogo ake akhoza kumuuza ali khale kuti kale ankabzala chimanga zitatuzitatu pa phando, mizere yotalikirana masentimita 90, ndipo alangizi atabwera ndi njira ya Sasakawa anayamba kubzala imodziimodzi, masentimita 25 phando ndi phando, mizere masentimita 75. Agogowo alinso ndi maganizo awo pa njira imene ili yabwino. Phunziro lonse lili pa khonde pomwepo, koma mwana sadziwa kuti za m'kope ndi za agogo ndi nkhani imodzi.

Ndiye akuphunzira chiyani?

Silabasi imene ana akutsata inachokera ku kusintha kwa maphunziro a pulayimale kotchedwa PCAR, kumene kunayamba kulowa m'sukulu mu 2007. Kuyambira Sitandade 5 mpaka 8 mwana amakumana ndi Chichewa, Chingerezi, Masamu, Sayansi, Ulimi, Social, Life Skills, Expressive Arts, ndi phunziro la Baibulo kapena la zipembedzo, malingana ndi sukulu yake.

Ku Masamu n'kumene ambiri amathyokera. Kuphatikiza ndi kuchotsera kwatha, tsopano ndi mafulakishoni, madesimo, HCF ndi LCM, kenaka akamakwera amafika pa maperesenti, phindu ndi kuluza pa malonda, chiwongoladzanja, kukula kwa malo, ndi magirafu. Mafunso ambiri amabwera ngati kankhani, ndiye mwana amene Chingerezi chikumuvuta amalephera asanafike n'komwe pa nambala. Koma achemwali anuwo ngati amagulitsa tomato, masamu amenewa amawachita tsiku ndi tsiku. Apikula dengu pa K8,000, agulitsa miyulu yonse n'kupeza K10,000, phindu ndi K2,000, ndiye kuti 25 peresenti ya ndalama imene analowetsa. Ngati ali mu banki m'khonde, chiwongoladzanja amachiwerengera pamtima mofulumira kuposa mphunzitsi. Mwanayo akhale pambali pawo tsiku logawana ndalama, kope lili m'manja.

Ku Sayansi kuli thupi la munthu, mafupa, kayendedwe ka magazi, kapumidwe, mmene zomera zimapangira chakudya, kuwala ndi kutentha, timakina tosavuta ngati wilibala, komanso za kukhitchini: magulu a zakudya, kaphikidwe, kasungidwe ka chakudya. Mfutso umene uli pa mphasa panja ndi mutu wa m'buku umenewo. Ku Ulimi kuli nthaka, ulimi wothirira, ndiwo zamasamba, nkhuku, mbuzi, nsomba za m'madamu, mitengo yobwezeretsa chonde, ndi kulemba marekodi a pa munda.

Social ndimaikonda, ndipo ndi imene imalowezedwa mwankhanza kuposa onse. Amayambira pa boma lawo, kufika pa dziko lonse, kenaka maiko oyandikana nawo ndi mabungwe ngati SADC ndi COMESA, mpaka dziko lapansi. Muli mapu, mitsinje, nyengo, ufumu wa Maravi, malonda a akapolo, kubwera kwa amishoni, David Livingstone kufika pa nyanja mu 1859, John Chilembwe mu 1915, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963, ufulu mu 1964. Ana amaloweza zaka zimenezi ngati manambala a foni. Chonsecho nkhope ya Chilembwe ili pa ndalama imene amatumidwa nayo ku golosale, ndipo 15 Januwale iliyonse sapita ku sukulu chifukwa cha iyeyo. Inu muli ku Johannesburg, mayi. Mwana wanu ali ndi kholo limene ladutsa pa Mwanza kapena pa Dedza, kuoloka Zambezi pa Tete, kudutsa Zimbabwe mpaka pa Beitbridge. Mapu a SADC mwawayenda ndi basi. Muuzeni atsate ulendo wanu ndi chala.

Life Skills ndi ya kutha msinkhu, HIV ndi Edzi, kudzidalira, kukana zokakamizidwa ndi anzawo, nkhanza, ndi kuyambitsa kabizinesi. Makolo ena amaiona ngati yolaula. Ine ndimati mtsikana wa zaka 11 amene mayi ake ali kutali akufunika phunziro limeneli kuposa wina aliyense, ndipo zingakhale bwino atamva zina kwa inu asanazimve pa bolodi. Expressive Arts ndi nyimbo, magule, zojambula, zosoka ndi masewero, ngakhale m'sukulu zambiri nayonso yasanduka manotsi: ana kulemba za ng'oma osaigwira. Ku Chichewa musaganize kuti n'kofewa poti amayankhula. Kuli chimangirizo, kalata, lembetso, miyambi, zining'a, ndi malamulo a chiyankhulo, magulu a mayina aja, alowam'malo, afotokozi, aonjezi. Ana ena amagwa Chichewa. Chingerezi nachonso ndi kalata, chimangirizo, galamala ndi kumvetsa nkhani.

Zonsezi zimakathera pa mayeso a PSLCE a bungwe la MANEB kumapeto kwa Sitandade 8. Mapepala ndi asanu ndi limodzi, chifukwa maphunziro ena amaphatikizidwa: Sayansi ndi Ulimi pamodzi, Social ndi za chipembedzo pamodzi, Expressive Arts ndi Life Skills pamodzi. Mafunso amachokera mu ntchito ya makalasi akuluakulu onsewa, osati ya Sitandade 8 yokha, n'chifukwa chake makope a chaka chino asakulungire zitumbuwa. Ndipo kukhoza kokha sikukwanira, nkhondo ili pa kusankhidwa kupita ku sekondale, kaya ku sukulu ya national, ya boma yogonera, kapena ku CDSS, sekondale yoyendera ya m'dera. Malo ndi ochepa kuyerekeza ndi ana okhoza. Apa m'pamene pamachokera mantha onse, ana kubwereza Sitandade 8 kawiri katatu, kugona pa sukulu mayeso akayandikira, ndi msika wa patitaimu umene mukufunsawu.

Za patitaimuyo, funsani kaye kuti kumeneko amachitako chiyani. Ngati ndi mphunzitsi yemweyo, ana omwewo makumi asanu ndi limodzi, bolodi lomwelo, sungani ndalama yanu. Ngati ndi kagulu kochepa kumene mwana amawerenga mokweza ndi kufunsidwa kuti afotokoze, lipirani. Ndalama inayo mugulireni buku lakelake la Chingerezi ndi la Masamu la Sitandade 5, ndi nyale ya sola. Mukamuimbira pa WhatsApp Lamlungu, atenge kope limodzi, awerenge ndime imodzi m'Chingerezi, kenaka akuuzeni m'Chichewa zimene yanena. Pamene wakakamira m'pamene pali vuto, ndipo achemwali anu akawaonetse aphunzitsi ake malo omwewo teremu ino isanathe.