Kodi mayi wotanganidwa angakhale woyera?

Funso: Abambo, ndili ndi ana anayi komanso ndimagwira ntchito. Usiku ndikagwada kuti ndipemphere, tulo timandigwira kolona ili m'manja. Kodi kukhala woyera n'kwa ansembe ndi masisitere okha? Ndine mayi wodandaula.

Yankho: Mayi, tulo si tchimo. Thupi limene lakhala likutumikira ana kuchokera m'bandakucha liyenera kutopa ndithu.

Taganizani za Monica Woyera. Sanalowe usisitere. Anali mayi wapabanja, mwamuna wake wamtima wapachala, mwana wake Augustine wosochera. Anamupempherera ndi misozi zaka zambirimbiri mpaka mwanayo anabatizidwa ndi episkopi Ambrose ku Milan m'chaka cha 387. Monica anamwalira chaka chomwecho, ataona ndi maso ake zimene ankapempha. Ine ndimamukonda kwambiri chifukwa pemphero lake linali la mayi amene mtima uli pa mwana, ngati lanu lomweli.

Nayenso Kizito, wamng'ono pa onse mwa Amaritiri a ku Uganda amene Papa Paul VI anawalengeza kuti ndi oyera mu 1964, anali mnyamata wotumikira kunyumba ya mfumu.

Tsono musasungire pemphero nthawi imene mphamvu zatha. Mukangodzuka, mapazi asanaponde pansi, perekani tsikulo kwa Mulungu. Kolona igaweni: chigawo chimodzi panjira, china masana. Mwana akakupsetsani mtima, yambani mwameza mate musanayankhe. Madzulo pempherani pamodzi ndi anawo Atate Athu asanagone, inunso mukadali maso.