Thanga la Hobie 16: la kampani kapena la osoka ena?

Achimwene ena a ku Rosettenville, ku Johannesburg, alemba kalata kuti anagula Hobie 16 yakale, boti loyendera matanga la mabwato awiri olumikizana, amakaiyendetsa ku Vaal Dam Loweruka, koma thanga lalikulu latha mphamvu. Agule la kampani ya Hobie lodulalo, kapena asoketse kwa osoka matanga ena?

Funso ili limandiyabwa, achimwene, chifukwa ambiri amataya ndalama asanadziwe chimene chadwala. Thanga la nsalu ya Dacron siliphedwa ndi mphepo kwenikweni, limaphedwa ndi dzuwa. Dzuwa la kuno kumtunda ndiye si lamasewera. Johannesburg ili pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja yamchere. Munthu kusiya thanga pa boom, mtengo wopingasa kunsi kwa thanga, mwezi wathunthu lopanda chophimba, kenako n'kumadandaula kuti nsalu za masiku ano n'zachabe, ameneyo akunamizira nsalu.

Yambani mwaligwira m'manja. Dacron yamoyo imalira khwekhwekhwe ngati pepala, yakufa imafewa ngati chitenje chochapachapa. Kandani ulusi wa pamsoko ndi chikhadabo. Ukaduka koma nsalu ili yolimba, thangalo likungofuna kusokedwanso. Onaninso chingwe chosokedwa m'mphepete, chija chimalowa mumpata wa mlongoti. Chimafupika ndi zaka, thanga n'kuchita makwinya, ndipo mungakoke downhaul, chingwe chokokera thanga pansi, mpaka thukuta, silitambasuka. Wosoka amamasula ulusi wakumunsi, chingwe chimatsetserekera m'mwamba, n'kulumikizapo kachidutswa. Ntchito yaing'ono imeneyo. Koma ngati mimba ya thanga yathawira kumbuyo ndipo boti likungopendekeka osathamanga, pamenepo ndiye lafadi.

Tsopano za mpikisano. Malamulo a gulu la Hobie 16 amafuna kuti maboti onse afanane, ndipo thanga liyenera kukhala lochokera ku Hobie. La wosoka wina, ngakhale likongole bwanji, pa mpikisano wa gululi sililoledwa. Ngati mtima ukulakalaka mpikisano wa pa Nyanja ya Malawi uja, funsani okonza kaye malamulo awo musanalipire kalikonse. Kumenekonso mpweya ndi wolemera kuposa wa ku Vaal, popeza nyanjayo ili m'munsi kwambiri, ndiye mwera wa mu Julaye umakankha thanga ngati uli ndi ngongole nawe.

N'chifukwa chake za matanga otambalala kunsonga aja, amati square top, pa boti ili ine ndimakana, ndipo sindisintha. Hobie 16 imadziwika kale ndi kumiza mphuno m'madzi n'kukugubuduzani chamutu. Kuwonjezera mphamvu pamwamba pa mlongoti n'kuputa dala tsoka. A Mylar, nsalu ya pulasitiki yomatizana, nawonso ayi: sakonda kupindidwa, ndipo akayamba kusendeka palibe chowachiza. Dacron basi.

Mukasankha osoka ena

Osoka odziwa ntchito alipo ku Cape Town ndi ku Durban. Afunseni ngati anasokapo la Hobie 16, chifukwa ili ndi timakhalidwe take. Thanga lalikulu ndi la masikweya mita pafupifupi 13.8, lakutsogolo, jib, pafupifupi 5.1, ndipo onse awiri ali ndi ma batten, timitengo tolimbitsa thanga tolowa m'matumba osokedwa pa thangalo. Auzeni kuti matumba ake agwirizane ndi ma batten anu akale, apo ayi mugulanso ena. Yezani kunenepa kwa chingwe cham'mphepete chija: chikanenepa chimakakamira pokweza, chikaonda chimavuuka mumpata mphepo ikakula.

Pa jib ndiye pamagwa anthu. Mkati mwa mphepete yake yakutsogolo mumadutsa waya amene amanyamula mlongoti mukakoka halyard, chingwe chokwezera thanga. Wayayo akatalika kapena kufupika pang'ono, kupendekeka kwa mlongoti kumasintha, tiller, ndodo yowongolera boti, n'kuyamba kulimbana nanu. Musangowatumizira thanga lakale kuti akopere, linatamuka kale. Apatseninso miyezo ya mlongoti ndi boom.

Loitanitsa kunja limaoneka lotchipa pa intaneti, koma muwerengere mtengo wotumizira, msonkho wa pachipata ndi VAT ya 15%, ndipo likabwera lolakwika kulibweza n'chintchito.

Ndiye ngati mukufuna mpikisano, kapena mudzagulitse botilo kwa ochita mpikisano, gulani la Hobie. Ngati n'zongokasangalala ndi ana Loweruka, soketsani la Dacron pa muyezo weniweni wa Hobie 16, ndalama yotsalayo mugulire thumba losungiramo ndi mawaya atsopano a mlongoti.