Pepala la a inshulansi musasaine kaye

Pepani kwambiri achemwali ndi imfa ya bambo a kunyumba pa ngozi ya galimoto. Koma pepala lomwe a inshulansi ya galimotoyo akupatsani kuti mulandire ndalama ya chipepeso musasaine kaye. Mukangoikapo dzina mwavomera kuti nkhani yatha, ngakhale ndalamayo isakwane fizi ya ana ya chaka chimodzi.

Anthu amenewa amadziwa nthawi yoimbira foni. Maliro angoikidwa kumene, ngongole ya bokosi ndi galimoto yonyamula thupi ili pakhosi, akuchimuna ayamba kale kufunsa za katundu, mwana wabwezedwa kusukulu, ndiye mukumva "mayi bwerani mudzatenge cheke." Maso ali otupa ndi kulira, ndani angawerenge tizilembo ta Chingerezi tija? Zimandiwawa zedi. Kulinso madobadoba ozungulira kumochale ndi kupolisi, amakulandani police report nkukaipereka kwa loya yemwe simunamuonepo, ndalama ikatuluka inu mumalandira nyenyeswa.

Sungani nokha police report yoonetsa nambala ya galimoto, dalaivala ndi kampani ya inshulansi, lipoti la chipatala, setifiketi ya imfa ya ku NRB (National Registration Bureau), malisiti onse a maliro ndi payslip ya malemu. Popanda umboni wa malipiro khoti limawerengera chipepesocho pa minimum wage (malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma), kenako limachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu lomwe malemu akanagwiritsa ntchito okha. Letters of administration (kalata ya kukhoti yokupatsani mphamvu pa chuma cha malemu) yambani kuyendera panopa, imachedwa.

Gawo 148 la Road Traffic Act limakulolani kusumira kampani ya inshulansi mwachindunji, koma zisanathe zaka 2 chichitikireni ngozi. Akamati "fayilo ikuonedwa, bwerani mwezi wamawa," masiku akuwerengedwabe. Posuma muike dalaivala, mwini galimoto ndi kampani onse pamodzi, chifukwa inshulansi imalipira mpaka pa malire olembedwa mu polise (mgwirizano wa inshulansi) basi, chotsalacho ndi cha mwini galimoto. Ngati malemu anakwera matola pa lole ya katundu, yembekezani kuti akana ponena kuti polise sinali yonyamulira anthu.

Komabe akakulonjezani polemba ndalama yonse ya malirewo, landirani, mlandu kukhoti umadya zaka kwacha ikugwa mphamvu. Loya aone kaye kuti pepalalo likumasula kampani yokha, osati mwini galimoto. Ngati ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osowa ndalama ya loya.